Mwagula ndi ndalama zanu, koma kodi n'chanu? Mafunso ndi mayankho pa makompyuta, mafoni ndi masipeya ake

Pa Masambanjati, monganso pa Makwasa, pa Thekerani ndi misika ina ya m'boma la Thyolo, munthu akafuna laputopu kapena foni yamakono kawirikawiri sayamba waganiza za yatsopano ya m'bokosi. Zambiri zimene zimafika kuno zidagwirapo kale ntchito m'manja mwa ena. Ina yatumizidwa ndi achimwene a ku Joni, ina yagulidwa ku Limbe ndi ndalama za nthochi kapena malipiro a ku esiteti ya tiyi, ina yasiyidwa ndi mphunzitsi amene wapeza yabwinoko. Ikawonongeka sititaya. Timapita nayo kwa wokonza, amene patebulo pake pamakhala mulu wa mafoni akufa omwe amazulako masipeya kuti adzutsire ena.

Zipangizo zimenezi kwathu kuno zimakhala ndi moyo chifukwa cha zinthu ziwiri: kugulitsana zakale ndi kukonza. Ziwirizi ndi zomwe makampani ena akuluakulu opanga makompyuta ndi mafoni akhala akuzimanga miyendo. Nawa mafunso amene wogula aliyense ayenera kukhala nawo, pamodzi ndi mayankho ake.

Kodi nkhani yake ndi yotani kwenikweni?

Njinga ikathyoka sipoko, mumagula sipoko paliponse. Mukafuna mutha kuchotsa tcheni pa njinga yakufa n'kuika pa yamoyo, ndipo amene adapanga njingayo sangadziwe, komanso alibe nazo kanthu. Makompyuta ambiri a patebulo ankakhalanso choncho: memori, hadi disiki ndi zina zinkasinthika kuchoka m'makina awa kupita m'makina awo.

Lero zinthu zasintha. Makampani ena amapanga masipeya oti amangolowa m'makina awo okha. Pamwamba pa apo, amafuna kuti akhale iwo onena kuti ndani agulitse sipeyayo, ndani ayiike, ndiponso ngati sipeya yochotsedwa m'makina akale ingagwirenso ntchito m'makina ena. Kampani yagulitsa katundu, yalandira ndalama, koma dzanja lake silinachoke pa katunduyo.

Chinthu ndagula ndi ndalama zanga. Kampani ingandiletse bwanji kuchigulitsa?

Palibe amene angabwere pakhomo panu kudzakugwirani dzanja. Makampaniwa amagwiritsa ntchito njira zina zimene zimachititsa kuti chinthucho chikhale chovuta kugulitsa, kapena chisakhale ndi phindu kwa wochigula.

Njira yoyamba ndi loko wa m'kati mwa sipeya yeniyeniyo, woti sipeya isagwirizane ndi makina ena kupatula amene idabwera nawo. Yachiwiri ndi layisensi: kampani imati chitsulocho mwaguladi, koma mapulogalamu amene amachiyendetsa mwangobwerekedwa, ndipo simungawapereke kwa wina popanda chilolezo. Kampani ya Cisco, yomwe imapanga zipangizo zolumikizira makompyuta m'mabanki ndi m'maofesi, ndi imodzi mwa amene amadziwika ndi mfundo imeneyi: wogula makina ake akale amayenera kukonzanso za layisensi ndi kampaniyo.

Njira yachitatu ndi chizindikiro cha kampani. Sipeya ikakhala ndi chizindikirocho, kampani imatha kupempha akuluakulu a pachipata cha dziko kuti aigwire ponena kuti ndi yachinyengo. Yachinayi ndi mapangano: kampani imagwirizana ndi misika ikuluikulu kuti ogulitsa ovomerezeka okha ndiwo aloledwe, kapena imalamula amene amalandira makina akale kuti awaphwanye m'malo mowagulitsa. M'chaka cha 2020 kudamveka kuti Apple idasumira kampani ya GEEP ya ku Canada chifukwa zipangizo pafupifupi 100,000 zimene zidatumizidwa kuti zikaphwanyidwe zidapezeka zikugwiranso ntchito m'manja mwa anthu. Pangano lidaswedwadi, koma mlanduwo udaululanso kuti zinthu zamoyo zinali paulendo wokagayidwa.

Loko wa m'kati mwa sipeya amagwira ntchito bwanji?

Apa m'pofunika kumvetsa bwino, chifukwa ndi pamene okonza athu amanamiziridwa.

Masipeya a makina ena amakono, monga batire, sikirini, kamera ndi kowerengera chala, amakhala ndi katchipi kakang'ono kosunga nambala yakeyake. Ku fakitale, nambala imeneyi imalembedwa mu bodi ya foni kapena kompyutayo. Nthawi iliyonse mukayatsa, bodi imafunsa sipeya iliyonse nambala yake. Nambala ikagwirizana ndi imene idalembedwa, zonse zimayenda. Ikasiyana, makinawo amachita zimene kampani idawalamula: kutulutsa uthenga woti sipeyayi siyikudziwika, kubisa mmene batire lilili, kuzimitsa mbali ina ya ntchito, kapena kukaniratu.

Chopweteka n'chakuti izi zimachitika ngakhale sipeyayo ili orijino. Mutha kutenga mafoni awiri ofanana, a kampani imodzi, n'kusinthanitsa masikirini awo, ndipo onse awiri n'kuyamba kudandaula. Amene angalembetse nambala yatsopano mu bodi ndi kampani yokha, kapena amene yawapatsa pulogalamu yake.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha 2016. Anthu amene adakonzetsa batani la kutsogolo la iPhone 6 kwa okonza wamba adaona mafoni awo akufa atalandira mapulogalamu atsopano, n'kumangoonetsa uthenga wa Error 53. Anthu atakwiya, Apple idapepesa n'kutulutsa njira yowadzutsira. Mu Juni 2018 khothi la ku Australia lidalipiritsa kampaniyo madola 9 miliyoni a dzikolo chifukwa chouza makasitomala kuti sangathandizidwe poti adakonzetsa kwa okonza ena.

Choncho mnyamata wa pamsika akakuikirani batire, foni n'kulemba kuti batirelo silikudziwika, musathamangire kumutchula wakuba. Nthawi zina wakuikiranidi lafeki, koma nthawi zinanso batirelo ndi labwinobwino, lochokera m'foni inzake, ndipo chimene chikulikana ndi loko.

Kodi izi si za mafoni odula okha?

Ayi. Pitani pa malo aliwonse ojambulitsira mapepala pa Thyolo boma, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe, mukafunse za inki. Printa imagulitsidwa pamtengo wofikirika, koma phindu lenileni la kampani lili pa makatiriji. N'chifukwa chake makatiriji ambiri ali ndi tchipi. Mu Sepitembala 2016 maprinta ambiri a HP adayamba mwadzidzidzi kukana makatiriji a makampani ena, chifukwa cha lamulo limene lidabisidwa m'mapulogalamu ake. Mu 2020 boma la Italy lidalipiritsa HP ma euro 10 miliyoni chifukwa chosauza ogula momveka bwino za malire amenewa.

Pa malaputopu zilinso chimodzimodzi. Malaputopu ena akale a HP ndi Lenovo ali ndi mndandanda wa makhadi a Wi-Fi ovomerezeka, ndipo mukaikamo khadi lina, ngakhale lolowa bwino, laputopu imakana kuyaka. Malaputopu ambiri a Dell amafunsa tchaja ngati ndi yawo, ndipo akapanda kuizindikira amatha kuleka kutchaja batire n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono.

Palinso loko wa mapulosesa ena a AMD. Pulosesa yotereyi ikangoyatsidwa koyamba m'makina ena a Dell kapena a Lenovo, m'kati mwake mumapsa tifyuzi tating'onoting'ono, ndipo kuyambira pamenepo singagwirenso ntchito mu bodi ya kampani ina. Zimenezi sizibwezeka. Wogula pulosesa yakale pamsika sangaone ndi maso kuti ndi yomangidwa. Amadzazindikira ali kunyumba, ndalama zitapita.

Alipo amene adazengedwapo mlandu chifukwa chogulitsa kapena kugula masipeya?

Alipo, ndipo makhothi sadagamule mofanana.

Ku Norway, Henrik Huseby anali ndi kashopu kokonzera mafoni m'tauni ya Ski. Mu 2017 akuluakulu a pachipata adagwira masikirini 63 a iPhone amene adaitanitsa ku Hong Kong. Apple idati ndi achinyengo chifukwa anali ndi chizindikiro chake, ngakhale chidali chitapakidwa inki. Huseby adati ndi masikirini okonzedwanso, ndipo sadanamizepo kasitomala kuti ndi atsopano a Apple. Adapambana ku khothi loyamba mu 2018, koma adagonja pa apilo, ndipo mu Juni 2020 khothi lalikulu la dzikolo lidakomera Apple.

Ku America zidayenda mwina. Kampani ya Lexmark inkagulitsa makatiriji motsitsa mtengo, pa pangano loti inki ikatha wogula asadzazenso kapena kugulitsa kwa wina. Kampani yaing'ono ya Impression Products inkatola makatiriji opanda kanthuwo, kuwadzaza n'kuwagulitsanso. Lexmark idasuma. Mu Meyi 2017 khothi lalikulu la America lidagamula kuti wopanga akagulitsa chinthu, ufulu wake wa patenti pa chinthucho wathera pomwepo, kaya wagulitsira m'dzikomo kapena kunja. Mkulu wa majaji, John Roberts, adapereka chitsanzo cha galaja: malonda sangayende ngati makaniko aliyense aziopa kusumiridwa ndi amene adapanga sipeya iliyonse ya m'galimoto.

Ku Spain, mu Julayi 2023, bungwe loona za mpikisano pa malonda lidalipiritsa Apple ndi Amazon ma euro 194 miliyoni onse pamodzi. Chifukwa chake chinali pangano la 2018 limene lidachotsa pa msika wa Amazon ogulitsa katundu wa Apple amene kampaniyo sidawasankhe. Bungwelo lidapeza kuti oposa 90 mwa ogulitsa 100 aliwonse adatsekeredwa kunja.

Kodi khalidwe limeneli layamba posachedwa?

Ndi lakale ngati makompyuta enieniwo. Kampani ya IBM poyamba sinkagulitsa makina ake, inkangobwereketsa. Motero kunalibe msika wa makina akale, kunalibenso okonza oima paokha. Boma la America lidaisumira, ndipo mu 1956 IBM idavomera pangano loti iyambe kugulitsa makinawo komanso kugulitsa masipeya kwa okonza ena. Msika wa makompyuta akale udakula kuchokera pamenepo. Chimene chasintha lero ndi chida chokha: kale ankamanga ndi pangano la papepala, pano akumanganso ndi tchipi ndi mapulogalamu.

Nanga makampaniwo amati chiyani? Alibe mfundo?

Mfundo ali nazo, ndipo zina n'zoona. Batire lafeki limatha kutupa kapena kuyaka moto. Kowerengera chala kachinyengo kangathe kutsegulira wakuba foni imene muli Airtel Money kapena Mpamba wanu. Pulosesa yomangidwa ku bodi imateteza makompyuta a mabanki kwa anthu ofuna kulowetsamo mapulogalamu oipa. Komanso wogula foni yakale ali ndi ufulu wodziwa ngati sikirini yake ndi orijino kapena ayi. Aliyense amene adagulapo tchaja yotha sabata imodzi akudziwa kuti katundu wafeki ndi vuto lenileni m'misika yathu.

Koma kuchenjeza ndi kuletsa n'zosiyana. Foni ikandiuza kuti batire ili lasinthidwa, yandithandiza. Ikazimitsa ntchito zina chifukwa ndaika batire labwino lochokera m'foni inzake, yandilanga. Ndipo njira yothetsera masipeya afeki ndi kugulitsa masipeya enieni pamtengo woyenera kwa aliyense wowafuna. Kumene orijino sapezeka, feki ndiye amalamulira msika.

Tisaiwalenso za ndalama. Laputopu yakale iliyonse imene yakonzedwa n'kugulitsidwa ndi laputopu yatsopano imodzi imene sinagulidwe. Kampani iliyonse imadziwa masamu amenewa.

Nanga loko woletsa akuba, ndi wa mafoni angongole, nawonso ndi oipa?

Awa tiwasiyanitse. Loko wa iCloud, amene Apple idayambitsa mu 2013, ndi loko wa akaunti ya Google pa mafoni a Android, amene adabwera mu 2015, cholinga chawo ndi choti foni yobedwa ikhale yopanda ntchito. Kiyi wake ali ndi mwini foni, osati kampani yokha. Mwiniwake akafuna kugulitsa, amachotsa akaunti yake ndipo foni imamasuka. Loko wotere amateteza mayi wogulitsa nthochi amene waberedwa foni mu minibasi.

Vuto limabwera mwini woyamba akaiwala kuchotsa akauntiyo. Wachibale ku Johannesburg kapena ku Cape Town amagula foni yakale, kapena amapatsidwa ndi abwana ake, n'kuitumiza kumudzi. Ikafika kuno ikufuna pasiwedi ya munthu amene sitikumudziwa. Makompyuta ambiri ochokera m'maofesi akunja amabweranso ali omangidwa ku kampani imene inkawagwiritsa ntchito. Kuyambira mu 2024, Apple idafikitsa loko ameneyu ngakhale ku masipeya: batire, sikirini kapena kamera yochotsedwa mu iPhone yomangidwa imadziwika ikaikidwa m'foni ina.

Mafoni angongole ndi nkhani ina. Mumalipira pang'onopang'ono, ndipo mukaphonya foni imatsekeka. Apa zili poyera kuti foni si yanu kufikira mutamaliza ngongole. Choyenera n'chakuti mukamaliza, loko achotsedwe yense. Ngozi ili kwa amene wagula foni yotereyi kwa munthu amene sanamalize kulipira: lero ikuyenda, mawa yatsekeka, wogulitsa wasowa.

Ambiri kuno tili ndi Itel ndi Tecno. Nkhani imeneyi ikutikhudza pati?

N'zoona kuti mafoni a Itel, Tecno ndi Infinix, omwe onse ndi a kampani ya Transsion ya ku China, ndiwo ali ponseponse, ndipo masipeya ake amapezeka mosavuta. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amawakondera. Koma nkhaniyi ikutikhudza m'njira zitatu.

Choyamba, ife tili kumapeto kwa ulendo wa katundu. Laputopu imene yagulidwa lero ku London kapena ku Dubai ndi imene idzafike pa Limbe patapita zaka zingapo. Maloko amene akuikidwa lero kunjako adzatipeza ndi ife, panthawi imene walanti idatha kalekale. Munthu wa ku London loko akamuvuta amakwera basi kupita ku shopu ya kampani. Wa pa Masambanjati alibe kopita.

Chachiwiri ndi mtengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chidakwera. Kwa wothyola tiyi kapena mlimi wamng'ono wogulitsa masamba ake ku fakitale, foni yatsopano ndi thukuta la miyezi. Kwa iye, foni imakhalabe ndi moyo ngati sipeya yakale ikuloledwa kugwira ntchito. Foniyo si yokongoletsera: ndi imene amalandirira ndalama za ana a kutauni, ndi imene amaimbira wakabaza usiku wodwala akafunika kupita ku chipatala cha Malamulo.

Chachitatu ndi ntchito. Achinyamata ambiri amene sukulu idawathera panjira adapeza luso lokonza mafoni ndi makompyuta, ndipo akudyetsa mabanja. Chuma chawo ndi mulu uja wa mafoni akufa. Sipeya iliyonse ikamangidwa ku foni yake, mulu wonsewo usanduka zinyalala, ndipo luso lawo likhala lopanda pogwira.

Ife a ku Thyolo tikudziwa tanthauzo lokhala ndi chinthu m'manja koma ulamuliro wake uli ndi wina. Agogo athu m'nthawi ya thangata ankamanga nyumba ndi kulima pamalo amene mwini esiteti ankati ndi ake, ndipo mawu omaliza anali a iyeyo. Ululu wake sungafanane ndi wa foni, koma funso lake ndi lomwelo: ndani ali ndi mawu omaliza pa chimene chili m'manja mwanga?

Nanga masukulu athu, poti ambiri amadalira makompyuta opatsidwa?

Makompyuta ambiri a m'masekondale m'dziko muno ndi akale okonzedwanso. Mabungwe monga Turing Trust ya ku Scotland, yomwe imagwira ntchito ndi Centre for Youth and Development ku Mzuzu, amatolera makompyuta amene maofesi akunja asiya, kuwakonza n'kuwatumiza m'masukulu. Ntchito yotereyi imatheka chifukwa makinawo amatseguka ndipo masipeya ake amasinthika: makompyuta atatu akufa amatha kubala awiri amoyo. Makina amene memori yake idawotcheredwa ku bodi, kapena amene masipeya ake ali ndi loko, sangathandize motero.

Palinso khoma lina. Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna tchipi yachitetezo yotchedwa TPM 2.0 ndi pulosesa yatsopanoko. Makompyuta ambiri abwinobwino sakwanira pa muyezo umenewu. Koma sikuti afa. Atha kuikidwa Linux, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale. Aphunzitsi a makompyuta m'masukulu athu ayenera kuidziwa njira imeneyi asanaunjike makina m'chipinda chosungiramo katundu.

Tikumbukirenso kumene makina okanidwa amathera. Lipoti la United Nations la 2024 lidati mu 2022 dziko lonse lidatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zidasonkhanitsidwa ndi kukonzedwa moyenera. Kwathu kuno batire lakufa limathera kudzala kapena pamoto, pafupi ndi dimba ndi chitsime.

Mayiko ena achitapo chiyani?

Achitapo zambiri, ndipo zaonetsa kuti lamulo likalimba makampani amasintha. Dziko la France mu Januwale 2021 lidalamula kuti foni ndi laputopu iliyonse yogulitsidwa ikhale ndi malikisi osonyeza ngati ndi yosavuta kukonza. Chigawo cha Oregon ku America chidakhazikitsa lamulo mu Malichi 2024, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2025, loletsa makampani kugwiritsa ntchito loko wa masipeya potsekereza okonza. Patangopita milungu yochepa lamuloli litasainidwa, mu Epulo 2024, Apple idalengeza kuti iyamba kulola masipeya ake akale kugwiritsidwa ntchito pokonza ma iPhone ena.

Mayiko a European Union adavomereza lamulo la ufulu wokonza mu 2024. Kuyambira pa 20 Juni 2025, opanga mafoni ogulitsidwa kumeneko ayenera kupereka masipeya ofunika kwa zaka 7 kuchokera pamene asiya kugulitsa mtundu wa foniyo.

Chitsanzo chapafupi ndi cha South Africa. Kuyambira pa 1 Julayi 2021, malangizo a bungwe loona za mpikisano m'dzikomo amalola mwini galimoto yatsopano kukachititsa sevisi ku galaja yoima payokha popanda kutaya walanti yonse, ndipo amafuna kuti opanga magalimoto atsegulire amakaniko amenewa mwayi wopeza masipeya. Ndi za magalimoto, koma mfundo yake ndi yomweyi, ndipo zachitika kuno ku Africa.

Nanga kwathu kuno, wogula angadalire chiyani?

Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003. Tili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene lamulo latsopano la 2024 lidalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa ochita malonda mwachinyengo. Wogulitsa akakubisirani kuti foni ili ndi loko, kapena akakugulitsani sipeya yafeki ponena kuti ndi orijino, mutha kukadandaula kumeneko. Bungwe la CAMA limalankhulira ogula, MACRA imavomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana zolowa m'dziko, ndipo Malawi Bureau of Standards imaona za miyezo ya katundu.

Zoona zake n'zakuti msika wa Malawi ndi waung'ono, ndipo patokha sitingagwedeze kampani ya ku California kapena ku Shenzhen. Koma mutu umodzi susenza denga. Bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda, lomwe limayang'anira msika wa mayiko 21, lili ndi likulu lake ku Lilongwe komweko. Mayiko amenewa atalankhula ndi mawu amodzi kuti chipangizo chogulitsidwa kuno chizibwera ndi masipeya opezeka komanso opanda loko, makampani angamve.

Boma lilinso ndi mphamvu ina imene siyifuna lamulo latsopano: ndi wogula wamkulu. Pogulira masukulu, zipatala ndi maofesi makompyuta ndi maprinta, likhoza kuika m'mapangano kuti makinawo akhale oti mmisiri wa kuno angathe kuwakonza, ndipo alandire inki ndi masipeya a makampani ena. Maesiteti a tiyi, mipingo ndi mabungwe angachitenso chimodzimodzi.

Ndikafuna kugula foni kapena laputopu yakale, ndichite chiyani?

Safunsa adadya phula. Musapereke ndalama chinthucho chisanayatsidwe pamaso panu. Pemphani wogulitsa achotse akaunti yake ya Google kapena ya iCloud inu mukuona, afufute zonse, kenako muyambe kuitsegula nokha ngati yatsopano muli pa intaneti. Ikapempha pasiwedi ya munthu wina, isiyeni, ngakhale akulonjezeni kuti akaifulasha.

Imbani *#06# kuti muone nambala ya IMEI, muifananize ndi ya pabokosi kapena pa lisiti. Funsani ngati foniyo ndi yangongole, ndipo ngati ndi choncho muone umboni woti ngongole idatha. Pa laputopu, onani ngati BIOS ilibe pasiwedi ndiponso ngati siyikutchula dzina la kampani kapena sukulu yakunja poyaka. Yesani tchaja yake. Funsani ngati memori, hadi disiki ndi batire zimachoka.

Pogula printa, yambani mwafunsa mtengo wa inki ndi kumene imapezeka, komanso ngati imalola makatiriji odzazidwanso. Musanasankhe mtundu wa foni kapena laputopu, pitani kaye kwa wokonza wa pafupi nanu mukamufunse kuti ndi iti imene masipeya ake amawapeza. Iyeyo ndiye akudziwa kuposa wogulitsa.

Pemphani lisiti, kapena kalata yogulitsirana yokhala ndi mboni. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo mtengo wotsika modabwitsa ukhale chenjezo kwa inu. Nanunso abale a ku Joni, musanatumize foni kumudzi, onetsetsani kuti mwini woyamba wachotsamo akaunti yake.

Pomaliza, choyenera n'chiti?

Wopanga chinthu ali ndi ufulu wolandira mtengo wa luso lake, woteteza dzina lake kwa opanga zafeki, ndi wotichenjeza pa masipeya oopsa. Ufulu umenewo tiulemekeze. Koma akalandira ndalama, chinthucho chikhale cha wogula: achikonze kumene akufuna, achotsemo sipeya, achigulitse, achisiyire mwana wake. Loko woteteza mwini chinthu kwa wakuba ndi wabwino. Loko woteteza kampani kwa mwini chinthu ndi wosayenera.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Zimene zidagwera wokonza mafoni wa ku Norway zili m'njira kubwera pa matebulo a okonza athu, pamodzi ndi katundu wakale amene timadalira. Aphungu athu, mabungwe oteteza ogula ndi akuluakulu ogulira boma katundu ayambe kuikambirana nkhaniyi tsopano. Ndipo inu owerenga, tsiku limene mudzagule foni, laputopu kapena printa, musafunse mtengo wokha. Funsaninso kuti: ikawonongeka ndidzakonzetsa kuti, ndipo ndikafuna kuigulitsa, idzamugwirira ntchito wondigulayo?